Lolemba Limene Sopo Anatha

Ku labotale onse ankawatchula kuti Mayi Thovu. Zaka khumi ndi zinayi anali pa sinki yomweyo, pakona pa chipinda chotsukira, ndipo botolo lochoka m'manja mwawo linkachita kulira ukalikhula ndi chala. Sopo sankamuumira.

Chaka chimenecho Adokotala, mayi wamfupi woyenda ngati wasiya mkaka pamoto, anayamba kuweta tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa akiya, tokhala m'madzi a mchere wadzaoneni. Ankafuna njira yolowetsera kachidutswa ka DNA m'kati mwake, kuti adziwe ntchito ya jini iliyonse, kagawo ka DNA konyamula chibadwa. Tizamoyoto tikalandira kachidutswako, m'mbale zowetera mumamera timadontho tofiirira.

Miyezi isanu mbale zinangoti mbee.

"Mchere wachuluka, Adokotala. Mukupha ana a eni," anatero Mayi Thovu.

"Mayi, awa mchere ndiye kwawo. Mukawapatsa madzi akumwa amaphulika."

Mayi Thovu atafotokoza kunyumba, amuna awo, atelala, anaimitsa makina. "Ndiye inu mumatsukira mbale tizilombo, ine yanga ndikutsuka ndekha?"

Lolemba lina sopo anatha, wosunga katundu ali kutchuthi ndi makiyi. Mayi Thovu anatsuka mabotolo asanu ndi limodzi ndi madzi otentha okha, n'kuwabisa kumapeto kwa shelefu kuti adzawabwereze. Pobwera kuchokera ku tiyi anapeza palibe. Adokotala anali atathiramo kale tizamoyo tawo.

Patatha sabata, Adokotala anatulukira m'khonde atanyamula mbale m'mwamba. Timadontho tofiirira tinali mbwee. Anaonetsa aliyense, ngakhale mlonda wa pageti.

Koma atabwereza, mbale zinayeranso. Masiku atatu Adokotala anakhalira kutembenuza kope lawo. Mchere womwewo, kutentha komweko, nanga chinasintha n'chiyani? Njira yogwira kamodzi si njira.

Mayi Thovu ankadziwa chimene chinasintha. Koma wotsuka anganene bwanji kuti sanatsuke? Ntchito imathera pa zoterezi. Anaumitsa manja pa epuloni, n'kukagogoda.

"Adokotala, mabotolo a tsiku lija... sanaone sopo."

Adokotala anagwira kumutu n'kuyamba kuseka mpaka magalasi anatsetsereka pamphuno.

"Ndinawerengapo zimenezi, kuti kasopo kotsalira kamang'amba khungu lawo. Koma mabotolo anu mmene amawalira, ndani akanawakayikira?"

"Ndiye ndimawapha ndine?"

"Mumawasambitsa mopitirira. Tiyese tione."

Anayesa mabotolo atatu a sopo ndi atatu opanda sopo. Sabata itatha, Mayi Thovu ndi amene anapatsidwa cholembera kuti awerenge timadontho. Kwa sopo sanapeze kalikonse. Kwinako anafika pa 212 n'kusokonezeka chifukwa cha kuseka.

Adokotala anatsegula tsamba latsopano, nalemba pamwamba kuti: Gawo loyamba, kutsuka mabotolo. Anakokera Mayi Thovu mpando.

"Khalani apa, aphunzitsi. Madzi otentha bwanji?"

"Oti dzanja lipirire pang'ono."

"Tidzayeza. Munatsukuluza kangati?"

"Kasanu ndi kawiri."

"Chifukwa chiyani kasanu ndi kawiri?"

Mayi Thovu anayang'ana pansi. "Manyazi, Adokotala."

Adokotala analemba nambalayo, naitsekera mzere kunsi.