Chitenje pa Sola

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga: ndinanamiza mwana wathu wamkazi pa nkhani imene ndimaidziwa bwino, imene ndinakhoza pa mayeso ku koleji.

Chaka chimenecho ndinali ndi setifiketi ya uphunzitsi koma ntchito ndinali ndisanaipeze, ndiye ndinkangothandiza pa sukulu ina ku Malama. Mwanayo anali ndi zaka zisanu. Womusiyira ndinalibe, choncho ankakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumajambula pansi ndi chala. Ine ndinkayesa samva.

Tsiku lina mu Okutobala, malata akuthetheka ndi kutentha, ndinauza ana a giredi seveni kuti dzuwa ndi nyenyezi. Ndinati pakati pake ndi pothinana komanso potentha kwambiri, moti tinthu ta mpweya wa haidrojeni timaphatikana n'kusanduka hiliyamu, ndipo pophatikanapo m'pamene pamatuluka kuwala ndi kutentha kumene kumatiwamba kumunda. Nyenyezi zikuluzikulu zimamaliza haidrojeni wake msanga, koma lathuli lili pakatikati pa moyo wake. Haidrojeniyo akadzatha, dzuwa lidzatupa, lidzafiira, kenako lidzafota. Kuti amve msanga ndinawonjezera kuti, “Zili ngati nkhuni, ana inu. Zimatha.”

Pakhomo tili ndi kasola kamene timayanika pathandala m'mawa, kotchajira foni ndi tochi yopirikitsira njovu kumunda. Sabata yomweyo tochi inayamba kukana. Mwamuna wanga atabwera kuchokera ku loji ya alendo ya ku Kakumbi kumene amagwira ntchito, anagogoda batire, anapukuta mawaya.

“Amake mwana, sola iyi mwaidyetsa chiyani?”

Ndinaseka, koma mtima unali m'mwamba. Ndinali nditaona kuti tikanyamuka kupita kusukulu mwana ankathamangira kunyumba, ati waiwala patapata, ndipo poweruka ankatsogola ndi liwiro. M'mawa mwake ndinamulondola. Ndinamupeza atafunditsa sola chitenje changa, akutsendereza ngodya zake ndi miyala.

“Iwe, ukuchita chiyani?”

“Ndikusunga dzuwa, amayi. Tikamatapa tsiku lililonse litha.”

Ndinagwada pomwepo n'kumuuza zoona zokhazokha: kwatsala zaka mabiliyoni asanu. Anandifunsa ngati pamenepo m'pasanafike Khirisimasi. Ndiye ndinalakwitsanso. Ndinati, “Mwanangu, kaya titape kaya tisatape, limatha chimodzimodzi.”

“Ndiye palibe chomwe tingachite?”

Kuyambira tsikulo anasiya kudya. Nyengo imeneyo tchire limapsa, ndipo dzuwa limatuluka lili psuu mu utsi. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo n'kunena motsitsa, “Amayi, lafiira.” Diresi linayamba kumukhwepa. Kukiliniki anamupima malungo osawapeza, ndipo anesi atafunsa ngati pakhomo pagwa zovuta ndinakana. Ndikanati chiyani? Kuti mwana ndamudwalitsa ndekha ndi choko?

Tsiku lachisanu la kusadyako ndinamukhazika pamwendo. “Ndinalakwitsa m'kalasi muja. Dzuwa silitha. Mulungu amalisonkhezera.”

Anandiyang'ana m'maso. “Zoona, amayi?”

“Zoona.”

Masana omwewo anadya mbatata ziwiri, ndipo sola sanaikhudzenso. Bambo ake mpaka lero amanyadira kuti anaikonza okha.

Pano ali giredi fili, ndipo ine anandilemba ntchito pa sukulu yomweyo. Phunziro lija ndimaliphunzitsabe, koma ndimayamba ndasuzumira pawindo, mawu ndikutsitsa. Dzana ndinamumva akutsutsana ndi mtsikana wa m'kalasi mwanga: “Ukunama iwe, silitha! Amayi anga anandiuza.” Mtsikanayo anayankha kuti, “Amayi ako omwewo ndi amene anatiuza.” Ndinabisala kuseri kwa chitseko ngati wakuba.

Zikangotha zaka zinayi adzakhala pa desiki patsogolo panga, ndipo ndidzalemba pabolodi zija ndinazikana ali pamwendo panga. Kodi adzakhulupiriranso chilichonse chotuluka pakamwa panga? Inu amene mwalera ana, tandiuzani: pamene mwana anakana chakudya masiku asanu, ndinachita bwino kumunamiza, kapena ndikanalimba mtima?