Ndinaphika mbewu ya mpongozi wanga poiyesa kondaine

Senderani kuno, inu owerenga, mumve zimene ndinachita ine wa imvi kudziko la eni. Kulemba sindidziwa, akundilembera ndi mnzanga wa kutchalitchi, koma cholakwacho n'changa.

Mwana wanga Dalitso anandiitanitsa ku Nairobi kuti madokotala aone mawondo angawa. Amakhala ku Syokimau, kumene ndege zimapita pamutu ngati akhwangwala. Mkazi wake, anaPhiri, anandilandira bwino ndithu. Koma ndinkaona mwana wanga akutsuka mbale, akuyanika zovala, chilichonse n'kumangoti “chabwino”. Mtima unati uyu anamudyetsa.

Tsiku lina onse ali kuntchito, ndikusesa pakhonde, ndinapeza ndowa ya mchenga yovundikira bwinobwino. Kufukula, mizu ngati jinja. Kuthyola umodzi, mayo ine! M'kati muli buluu ngati uja tinkathira pochapa, fungo ngati mankhwala opaka pachifuwa. Ndinati kondaine uja ndi ameneyu. Ndinawiritsa madzi n'kukhuthulira m'ndowamo kuti mphamvu yake ife.

Atabwera, ndinauza mwana wanga pamaso pa mkazi wake kuti ndamupulumutsa. AnaPhiri sanakalipe. Anangotola muzu umodzi wofewa uja n'kuti, “Amayi, mukanandifunsa.”

Ndiye anandifotokozera, misozi ili mbwembwembwe. Chinali chikasu chakuda, m'bale wake wa chikasu chathu chothira m'ndiwo. Amwenye kwawo amachisinja n'kupaka potupa ndi m'mafupa mowawa, ena amamwera chifuwa ndi m'mimba. Ophunzira akuti mafuta ake akuoneka kuti amachepetsa kutupa, ngakhale sanamalize kufufuza, ndipo sichilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. N'chosowa, ndiye chili ndi mtengo. Mbewuyo anaPhiri anachita kupempha kwa mnzake wachimwenye, n'kudikira nthawi yaitali, kuti akabzale kwawo ku Mulanje, mayi ake amasiye azipezapo thandizo. Tchuthi chinali pafupi, mvula nayonso.

Mbewu yophika simera, abale. Koma chinamupweteka kwambiri ndi dzina limene ndinamupatsa, loti ndi mkazi wa zitsamba.

Inu azimayi anzanga amene mukupita kwa ana anu m'matauni, chimene simukuchidziwa funsani. Mwana wanu akamatsuka mbale, sikuti anadyetsedwa. Kumeneko onse amabwera otopa. Pepesani msanga, musadikire ngati ine, amene ndinadzagwada sabata itatha.

Dalitso amatsukabe mbale zake. Mayi a ku Mulanje chaka chimenecho anangolima chimanga. AnaPhiri anapezanso timizu tiwiri, koma tili m'chitini ku ofesi kwawo, osati pakhomo. Ine ndinabwerera kumudzi mawondo akupepukako. AnaPhiri amandiimbira, amandifunsa mmene ndadzukira mwaulemu wonse, kenako n'kupereka foni kwa mwamuna wake. Kale tinkacheza mpaka foni kutentha.