Amene Anazimitsa Wailesi ya Apongozi

Mu Matero monse, munthu amene amasekerera malaiti akapita ndi amuna anga okha, ba Dingani. Enafe tikudandaula, maaisi anga ogulitsa akusungunuka m'firiji, iwo mano ali mbee: "Manje vinthu vizayenda bwino!" Ndimangowayang'ana. Ntchito yawo ndi yokonza mafeni ndi maayironi pamsika, ndipo chikwatiranireni sindinawaonepo atakhala pampando mpaka tiyi kuzizira.

Padenga pathu anaimikapo chimango cha matabwa chokulungidwa ndi waya wa mkuwa, ngati windo lopanda galasi. Waya wina amatsika n'kukalowa mu laputopu yakale yoyendera batire ya galimoto, ndipo pamenepo pamayenda kamzere pang'onopang'ono. Iwo amati dzuwa nthawi zina limaphulika, ndipo ukali wake umasokoneza mpweya wa kumwamba kwenikweni, kumene mawu a mawailesi akutali amakagunda n'kubwerera pansi. Zikatero kamzere kaja kamalumpha, wailesi yakutali n'kukhala chete masanasana. Malaiti akakhalapo, machaja a m'makomo ndi makina owotcherera zitsulo a aneba amasokoneza zonse. N'chifukwa chake mavuto athu iwo amawalandira ndi manja awiri.

Musaganize kuti ndi misala chabe. Nkhaniyi ili ndi mwini wake, ndiye apongozi anga, ba Josiah, atate a amuna anga. Iwo anachoka ku Kasungu ali mnyamata kudzanyamula matumba m'mafakitale a kuno ku Lusaka. Chuma chawo chinali wailesi yakuda, yomwe ankamverapo mauthenga a maliro ochokera kwawo ku Malawi. Chaka cha 1989, amayi awo akudwala kumudzi, anasiyira Dingani, ali mwana, wailesiyo masana ena kuti amvetsere, iwo akukasamba. Pobwera anapeza ikungolira shiii. Anamukwapula mwanayo mpaka aneba kulowerera. Wailesi inadzuka yokha, koma mauthenga anali atatha. Patapita masabata, munthu wochokera kumudzi anati, "Mayi anu tinaika kale. Si tinalengeza pa wailesi?"

Kuyambira tsiku limenelo lamulo linali limodzi: "Manja ako asadzakhudzenso wailesi yanga." Apongozi atakalamba tinawatenga kuti tizikhala nawo, wailesi yomweyo ili m'khwapa. Mabatire ndinkasintha ndine. Mwana wawo, bambo wa imvi, ankailambalala ngati mbaula yamoto. Ine zinkandiwawa, ndisaname.

Ba Dingani anadzamva kwa anzawo a pa intaneti, okonda zomwezi, kuti mwezi womwe uja wa mu 1989 dzuwa linaphulika koopsa. Anathamanga kukawauza atate awo. Apongozi anaseka mowawa. "Dzuwa? Iwe, wakalamba nalo bodza lako. Dzuwa linalowa bwanji m'nyumba mwanga?"

Basi kuyambira pamenepo amuna anga analibenso mtendere. Ankafuna kuti atate awo adzimvere okha wailesi ikuzima popanda woikhudza, iwo akadali ndi moyo. Koma dzuwa silipangana ndi munthu. Pamafunika liphulike kuno kuli masana, wailesi ili pa siteshoni yakutali, nkhalamba ili maso. Chaka cha 2024, chaka cha chilala chija malaiti ankasowa tsiku lonse, anati dzuwa lalusa ndipo mwayi ndi uno. Linaphulika tili ku tchalitchi. Linaphulikanso apongozi ali pamzere ku kiliniki. Lina linaphulika kuno kutada, anapindula ndi a mayiko ena. Ba Dingani ankasiya kasitomala ataimirira, feni ili chitsegulire, n'kuthamangira kunyumba kudzasuzumira kamzere. Nsapato zinatha, munthu anaonda.

Tsiku lina ndinawakalipira. "Imwe, tizadya dzuwa muno? Basiyeni batate bapumule!" Anandiyang'ana, maso ofiira. "Virginia, miyendo yabo waiona mwamene yavimbila. Bakayenda, nizauza ndani?" Miyendo ya apongozi inalidi itatupa. Ndinangotola mbale n'kutuluka.

Mu Okutobala kunatentha kosaneneka. Apongozi anali atasiya kuyenda, tinkachita kuwanyamula kukawakhazika pakhonde. Masana ena malaiti kulibe chiyambire m'mawa, ine ndikuwapukuta mapazi, wailesi ili pamiyendo pawo, mlaliki wina wakutali akufuula. Ndinangomva mpando kugwa m'nyumba. "Kamzele kakwela! Virginia, kakwela!"

Ba Dingani anatulukira pakhomo koma sanayandikire. Anaima pakati pa bwalo, padzuwa, manja m'mwamba ngati wakuba wogwidwa. "Atate, onani manja anga. Nili kuno, sinagwileko chilichonse."

Mawu a mlaliki anayamba kumira, kumira, mpaka kunatsala shiii. Apongozi anaigwedeza wailesi, anaimenya ndi chikhatho, anapotokola uku ndi uku. Siteshoni zakutali zonse zii. Ananditembenukira. "Mpongozi, mabatire."

"Ndaika atsopano m'mawa uno, atate. Munaona nokha."

"Isiyeni chabe," anatero ba Dingani. "Izabwela yeka, monga siku ija."

Tinadikira. Ndinkapemphera kuti kanthu kokalamba aka kasafe zenizeni lero, chifukwa kakadafa mlandu ukadakhala wa muyaya. Thukuta linkayenderera pankhope ya amuna anga, manja akadali m'mwamba. Ndinawauza kuti atsitse, sanandimve. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kubwerera mwakachetechete. Kenaka, chapansipansi, mlaliki uja anayamba kumveka ngati munthu wobwera kuchokera kutali.

Apongozi anaphimba maso ndi dzanja n'kuyang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana mwana wawo. Ndinkayembekeza kuti apepesa, kapena atchula amayi awo, koma ayi ndithu.

"Dingani," anatero, "mawu achepa. Bwera udzakweze."

Amuna anga, amene amamasula ayironi atatsinzina, anagwada pafupi ndi atate awo n'kulephera kupeza pokwezera mawu. Zala zinkangoyendayenda pa wailesi. Apongozi anagwira chala chimodzi n'kuchiika pamalo pake. Ine ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinakhala pa chidebe, ndinalira.