Asilikali a m'mphika wa agogo

Ndinawaona koyamba pa foni ya mnzanga wa m'kalasi. Azungu awiri, akuluakulu ndithu, anaimirira pa tebulo lodzaza tiasilikali ta ku Roma wakale, tosaposa chala kutalika. Ankaponya dayisi, kuyeza mtunda ndi tepi, kenako n'kusuntha gulu. Mnzangayo anaseka, nafuna kubwerera ku nyimbo zake. Ine ndinamupempha kuti abwereze, ndipo ndinaonera mpaka batire linatha.

Zoterezi ku Phalombe simungazipeze pa msika, ndipo sindinadzivute n'kufunsa. Kunyumba kunali dongo. Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, ankaumba mbiya ndi miphika, dongo lake ankakumba kudambo la njira ya ku Chilwa. Ndinayamba kutapako pa mulu wawo. Asilikali oyamba anatuluka ngati achule. Ena anathyoka miyendo pouma, mpaka ndinaphunzira kuimika aliyense pa kachitsa kake. Zishango ndinkadula ku zitini, mikondo ku masipoko a njinga yakufa, ndipo zofiira za pazipewa ndinkasolola ku juzi yakale.

Agogo sanandifunse kuti ndi za chiyani. Tsiku lina anangoti, "Okhuthalawa aphulika pamoto," n'kusankha abwino, kuwaika mu mphika waukulu kuti apsere limodzi ndi mbiya zawo.

Mbiya zikuzizira, kunabwera mayi wina wa pamudzi kudzagula mtsuko. Anavundukula mphika uja, naona tianthu takuda ndi utsi titagona mounjikana. Anabwezera chivundikiro mwakachetechete, n'kuchoka osagula kanthu.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Pofika Lamulungu nkhani inali itafala kuti agogo ali ndi tianthu timene amatituma kukakolola m'minda ya eni. Ena anawonjezera kuti makolo anga sanafe okha. Kwathu kuno mawu otere akamata nkhalamba, mathero ake amakhala nyumba kuyaka.

Amalume, omwe ndi mkulu wa mpingo, anafika pa njinga ali wefuwefu.

"Iwe, tulutsa zidole zakozo. Tiziphwanye panja pano anthu aone."

"Si zidole, amalume. Ndi asilikali a ku Roma, a masewera."

"Masewera? Ndevu zayamba kalezo? Ndiye pa anthu onse wasankha amene anapachika Ambuye?"

"Pa sewero la Pasaka mkulu wawo munali inu," ndinatero motsitsa mawu. "Chipewa chinali cha katoni."

Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, musaseke," anatero amalume. "Nyumba imene akufuna kutentha ndi yanu."

Ankanena zoona, ndipo mantha awo ndinawaona m'manja mwawo, mmene ankafinyira zigwiriro za njinga. Koma ine ndinakula ndikumvetsera anthu a pamudzi pathu akamalankhula poganiza kuti mwana wamasiye alibe makutu. Ndinkadziwa chimene akananena ataona zibenthu.

"Tikaphwanya, anena kuti tavomera," ndinatero. "Anena kuti ena tabisa."

Amalume anayang'ana agogo. Agogo anapitiriza kusalaza mkamwa mwa mbiya ndi chigoba.

M'mawa mwake ndinasenza chitseko chakale, asilikali ali m'lichero, kupita pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo, pamene azibambo amasewera bawo. Ine sindine munthu wokonda kuonedwa. Ndinagoneka chitseko pa njerwa, kuika miyala ngati mapiri, n'kufoletsa magulu awiri. Malamulo ake ndinali nditapanga ndekha kuchokera pa zimene ndinaona pa foni. Ndinayamba kusewera ndekhandekha, kuponya dayisi ya ludo, kuyeza ndi kamtengo. Amayi a pamjigo anakokera ana awo kumbuyo.

Bambo wina wa bawo, msodzi wopuma ntchito, anabwera n'kutola mmodzi.

"Ndiye awa ndi amene anamaliza chimanga changa? Miyendo yomatana chonchi?"

Akumutembenuza, mkono unathyoka.

"Mwandiphera mmodzi, bambo," ndinatero. "Khalani pansi mumalize nkhondo mwaiyambayi."

Anzawo anawaseka, choncho anakhala. Anagonja msanga chifukwa ankathamangitsa asilikali awo mmodzimmodzi, ine anga ndikuwayendetsa pamodzi zishango zitagundana. Anati dayisi yanga ndi yokondera, ndipo mawa abwera ndi yawo.

Sindinena kuti mudzi wonse unasintha. Mayi wa mtsuko uja sanapepese, ndipo mpaka lero amagula mitsuko kwina. Alipo ena amene amalambalala bwalo lathu. Koma zinali zovuta kuopseza nazo anthu zinthu zimene pambuyo pake ana anayamba kuzigwira masana, zimene nkhalamba ya bawo inkazitukwana zikagonja. Ndinkapita nawo pamtengo paja tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu, ngakhale masiku amene sindinkafuna kusewera, kuti pasapezeke wonena kuti lero atumidwa kwina.

Nyumba ya agogo palibe anaikhudza. Ulendo wotsatira wootcha mbiya, asilikali atsopano agogo sanawalowetse mu mphika. Anawandandalika pamwamba pa nkhuni, poonekera, mbali yoyang'ana kunjira.