Anamvera pachulu

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chimanga chinapserera m'munda. Pepala langa la zamagetsi linkangotuwa m'sutikesi, ndipo ndinali nditatopa kukhala mkamwini ku Kasinje, wokonza mawailesi a mudzi wonse n'kumalipidwa zikomo. Mkazi wanga, Nambewe, mayi wa mwana wathu Chisomo, sanandiletse. Anangoti, "Pitani, koma muziimba."

Nditakhala ku Joniko miyezi isanu ndikunyamula njerwa, ndinapeza ntchito pa kampani ina yoyesa mawailesi amakono. Mawailesi ake ndi ochenjera. Amayamba amvetsera mlengalenga, akapeza njira imene mwini wake sakuigwiritsa ntchito amadutsamo, mwini akabwera amapatuka. Mawu amawalozetsa kwa munthu mmodzi yekha, kwina konseko n'kuthirako phokoso kuti womvetsera mwakuba angomva zoyoyoma. Ntchito yanga inali kukhala wakubayo. Ndinkazungulira nyumba zitalizitali ndi kamlongoti m'manja, kusaka pamene mawu akudontha. Ndikabwerako osamva kanthu, abwana ankandigwira chanza, ine n'kumadzimva kuti ndine munthu.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, nyumba yathu inafoleredwa malata. Koma kusungulumwa kwa ku Joni sikuona kuti wavala ovolosi ya kampani. Sindinama, ndinapezako mkazi wina. Chaka chachitatu kuchipatala anandipeza ndi kachilombo.

Ndikanayenera kukwera basi n'kukamuuza Nambewe maso ndi maso, popeza pa Khirisimasi ndinali nditapita kumudzi n'kukagona naye. Mantha anandigwira. Ndinaimba foni Lamlungu masana, ndinaulula zonse, n'kumupempha kuti akayezetse mwakachetechete. Iye anangodula foniyo. Kuyambira tsiku limenelo foni yake sinkapezekanso.

Nditafika ku Kasinje patatha miyezi inayi, ndinadabwa ndi moni wake. Aliyense ankandiyang'ana m'khosi ndi m'mikono, kuyeza ngati ndaonda. Mayi wina amene sindinachezepo naye anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepanitu alamu, mankhwalawo muzimwa ndithu." Mtima wanga unawira. Kodi matenda anga analengezedwa kutchalitchi?

Nambewe ndiye anandifotokozera, atakhala pakhonde, osandiyang'ana. M'mudzimo netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa chigayo. Lamlungu akaweruka kutchalitchi, azimayi onse amene amuna awo ali ku Joni amakakhala pamzere pamenepo. Foni yake inali itagwa m'ndowa, sinkamvekanso pakhutu, inkangolankhula mokuwa. Zonse zimene ndinanena zinamveka kwa anthu onse amene anali pamzerewo, ndipo palibe ngakhale mmodzi anasuntha phazi.

Zimenezi ndi zomwe zimandipsetsa mtima mpaka lero. Anthu amene amagwada popereka moni, amene salowa pakhomo pako osanena odi, anaimirira n'kutchera makutu pa mawu a banja la eni. Pofika madzulo nkhani inali itafika ku Bwanje. Zitumbuwa zimene Nambewe ankagulitsa, anthu anasiya kugula. Pamjigo ankatsuka chogwirira iye akachoka. Chonsecho anakayezetsa kawiri konse, ndipo alibe kachilombo.

"Bwanji simunandiuze za foniyo? Ndikanakugulirani ina!" ndinakalipa.

"Munandifunsapo?" anatero. "Inu mukaimba mumayamba ndi nkhani zanu."

Zaka zitatu ndikusaka podontha mawu a anthu osawadziwa, sindinafunsepo mkazi wanga kuti amaimirira pati polankhula nane, kapena ali ndi ndani.

Ankhoswe anakumana Loweruka. Malume ake a Nambewe, amene mkazi wawo anali pamzere uja, analankhula nthawi yaitali za ulemu wa banja lawo. Ndinafuna kuwafunsa kuti ulemuwo unali kuti tsiku lija, koma mkamwini sakweza mawu pamudzi pa eni. Ndinatembenukira kwa Nambewe, ndinagwada, n'kumupempha kuti tiyambirenso.

"Za mkazi winayo ndikanalira n'kutonthola," anatero. "Matendawo ndikanakuperekezani kuchipatala ndekha. Koma munandiuza limodzi ndi mudzi wonse, inu muli kutali, ine n'kutsika pachulu paja ndekha onse akundiyang'ana. Nyamulani zanu, bambo a Chisomo."

Ndinanyamula chikwama changa kulowera kwathu ku Kandeu. Podutsa pachigayo, amene anali pachulu anatsitsa mafoni awo n'kundifunira ulendo wabwino.