Batani Lofiira Limene Analifufuta

Ku ofesi ankamutchula kuti Mabokosi. Anali wolemba mapulogalamu a pafoni m'kakampani ka chipinda chimodzi, pamwamba pa shopu ya matayala, ndipo sankakhudza kompyuta asanajambule ntchito yonse pa bolodi: bokosi apa, muvi apo, munthu akadina pano chichitike chakuti. Anzake ankamuseka kuti akanakhala kalipentala.

Tsiku lina bungwe lothandiza amayi omenyedwa m'nyumba linapempha pulogalamu yoitanira thandizo. Abwana anati ntchitoyo ndi yophweka.

“Batani lalikulu lofiira, lolembedwa kuti Ndithandizeni. Yambani kulemba lero lomwe.”

Mabokosi anajambula batanilo. Anakumbukira mng'ono wake, amene masiku amenewo ankavala malaya a manja aatali ngakhale kutenthe chotani.

Masana anapita kukamuona. Anamupeza kukhichini akutsuka mbale, foni ili pa tebulo.

“Kodi amuna ako foniyi amaigwira?” anafunsa motsitsa mawu.

“Nthawi zonse, achemwali. Ndikapita kosamba amaiwerenga yonse. Nambala yachilendo ikangoimba, ndiye kuti kwandithera.”

Asanamalize, chitseko chinatseguka. Mlamu wake analowa akumwetulira, n'kutola foni ija ngati yake.

“Alamu, mwatikumbuka lero? Mumanong'onezana chiyani?”

“Za ana basi,” anayankha Mabokosi.

Bamboyo anapitiriza kumufunsa za ntchito mwaulemu, chala chikuyenda pa foni, maso osachoka pamenepo. Mng'ono uja ankangotsuka mbale imodzimodziyo.

Mabokosi anabwerera ku ofesi n'kufufuta batani lija. Tsopano pa bokosi lililonse ankadzifunsa kuti munthu ngati mlamu wake uja akaliona, chichitike n'chiyani. Nanga foni ikalira posonyeza kuti uthenga wapita? Nanga a bungwe akayankha foni ili m'manja mwa mwamuna? Nanga mwana akadina posewera, anthu n'kufika pakhomo? Muvi uliwonse unkamuopsa, poti kulakwitsa kwake kukanamenyetsa munthu amene sanamuonepo.

Abwana analeza mtima sabata yoyamba, yachiwiri anayamba kudandaula. “Mukujambulabe? Anthu akudikira.”

“Ndikalemba molakwika, wovulala si ine,” anatero, n'kuwafotokozera zimene anaona. Abwana anakoka mpando n'kuyamba kuthandiza kufunsa mafunso.

Pomaliza anagwirizana kuti pulogalamuyo izioneka ngati yoonera nyengo, isamamveke kulira, isamasunge uthenga, ndipo pasamabwere yankho lililonse pa foniyo. Apo m'pamene anayamba kulemba, ndipo kulembako sikunatenge nthawi.

Amayi ambiri anaiika m'mafoni mwawo. Mng'ono wake anakana, akuti mwamuna wake amadziwa chilichonse chimene chili m'foni, ngakhale cha nyengo adzafunsa kuti chachokera kuti. Mabokosi sanamukakamize. Anadulitsa kiyi wina wa nyumba ya iye mwini, n'kukamusiya kwa mayi wosoka zovala woyandikana ndi mng'ono wakeyo, ndipo anauza mayiyo kuti mng'onoyo akadzabwera kudzapempha kiyiyo, angomupatsa osafunsa kanthu.