Seva ya ku Joni

Amuna anga anasiya kuyenda mwana wathu atangoyamba kumene sukulu. Ankagwira ntchito yoyendera alimi a thonje cha ku Madzimoyo panjinga yamoto. Tsiku lina mvula itagwa, njingayo inaterereka pamatope n'kuwaponyera m'ngalande, msana n'kumenyetsa pamwala. Atatuluka m'chipatala anabwerera kunyumba yathu ya lendi ku Kapata ali pa wilutcheya. Kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sankamva kalikonse.

Miyezi yoyamba anthu ankabwera: a kumpingo, anzawo a kuntchito, achibale a kumudzi atanyamula mtedza ndi maungu. Kenaka anayamba kuchepa. Ine ndinkalawirira kusukulu kumene ndimagwira ntchito yotayipa mu ofesi, mwana naye n'kupita kukalasi, ndipo iwo ankatsala pabalaza atayang'ana chitseko. Pobwerera madzulo ndinkawapeza pamalo omwewo, nkhope itazizira, mayankho ali a mawu amodziamodzi.

Mng'ono wawo amene amakhala ku Joni ndiye anatumiza makina a magemu pabasi. Anali akale ndithu, olumikiza pa TV, ndi kapadi kake kogwira m'manja. Mng'ono wawoyo anaimba foni tsiku limene makinawo anafika.

"Akulu, tizimenya mpira ngati kale. Inu uko, ine kuno."

Amuna anga anaseka pang'ono. Ndinali nditaiwala mmene kuseka kwawo kunkamvekera.

Koma sizinatheke. Makinawo ankalumikizika bwino pa kabokosi kathu ka netiweki, ndipo amuna anga ankatha kusewera okha ndi kompyuta, koma akaitana mng'ono wawo kuti alowe m'gemu limodzi, TV inkangozunguza kachizindikiro kenaka n'kukana. Anayesa kambirimbiri. Mlamu wangayo anafufuza n'kundiimbira ine.

"Alamu, vuto ndi netiweki ya mafoni. Imaika anthu ambiri kuseri kwa khomo limodzi, ndiye makina anga sakuwapeza akulu. Pakufunika VPN."

Ndinamufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Anati ndi kanjira kotsekeka kamene kamatenga zonse zotuluka m'nyumba mwathu n'kukazitulutsira pa kompyuta ina ya kutali, imene amati seva, ndiye gemu limaona ngati tili kumeneko. Sindinamve zonse, koma ndinamva kuti ntchitoyo yagwera ine.

Choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti makina a magemu salola kuikamo VPN. Kabokosi kathu nakonso sikankalola. Njira inali yoti ndiike VPN pa laputopu yanga, laputopuyo ilandire netiweki, kenaka ipatsire makinawo kudzera pa waya. Wayayo ndinakagula m'tauni, wabuluu, wautali mopitirira muyeso, ndipo unkadutsa pansi pakati pa balaza moti mateyala a wilutcheya ankauponda.

Ndinayamba ndi VPN yaulere. Maseva ake onse anali a ku Ulaya. Loweruka masana tinalumikiza, mlamu anaitana, ndipo nthawi iyi gemu linatseguka. Osewera anatulukira pabwalo lobiriwira. Koma amuna anga akasindikiza batani kuti wosewera wawo athamange, iye ankangoima, kenaka n'kudumphira kutsogolo mpira utapita kale. Zigoli zinkangolowa. Ndinaona zala zawo zikulimba pakapadi, mtsempha wa pakhosi utatukuka. Kenaka anakaponya pansi.

"Ngakhale miyendo ya mu TV ikundikana," anatero.

Ndinatola kapadi, n'kupita kukhitchini, n'kukaima kumeneko kwa kanthawi ndisakuchita chilichonse.

Sabata yotsatira ndinkathera nthawi yopuma kuntchito ndikuwerenga pafoni za ma VPN. Anzanga ankaganiza kuti ndikufufuza za madokotala a msana. Ndinadziwa kuti kuchedwa kuja kumabwera chifukwa cha mtunda: batani likasindikizidwa ku Kapata, uthenga unkayamba wapita ku Ulaya, n'kubwerera ku Joni. Yaulere imadzazanso anthu, ndipo ena analemba kuti eni ake amagulitsa mbiri ya zimene ukuchita. Pankafunika yolipira, yokhala ndi seva ku Joni komweko, yolola kutsegula khomo loti makina ena akupeze. Zambiri zinkalonjeza zinthu zazikulu koma za khomolo osanena. Ndinasankha ina imene inkalola kuyesa kaye mwezi umodzi.

Inagwira. Kuchedwa kunalipo, koma kochepa, kozolowereka. Tsiku limenelo amuna anga anagoletsa chigoli choyamba n'kukuwa mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe anathamangira kudzaona ngati agwa. Anavala zomvera m'makutu, akunyozana ndi mng'ono wawo ngati anyamata. Mwana wathu anakhala pambali pawo akuwomba m'manja. Kwa miyezi ingapo nyumba yathu inakhalamonso phokoso, ndipo m'mawa uliwonse ndisanachoke ndinkayatsa laputopu, n'kusankha seva ya ku Joni, n'kudikira kuti kachizindikiro kasanduke kobiriwira.

A kuchipatala anali atatichenjeza kuti munthu wosamva m'munsi asamakhale malo amodzi nthawi yaitali. Azinyamuka ndi manja pafupipafupi, azigona chammbali masana, thupi lizipuma. Kale ankachita zimenezo, ngakhale monyinyirika. Gemu litabwera anasiya. Mpira ukayamba suima, ndipo ukatha ankayamba wina.

Chinali chaka cha chilala, magetsi akuzima nthawi yaitali. Akayaka, kaya ndi m'mawa kaya masana, amuna anga sankafuna kutaya mpata. Ndikanena zoti akagone pang'ono ankati, "Magetsi akazima ndigona tsiku lonse." Akazimadi ankakhalabe pampando, kudikira.

Chilonda ndinachiona ndikuwasambitsa. Chinali pansi pa msana, chofiira, chaching'ono. Iwo sankachimva. Ndinawauza, ndinachitsuka, ndinawatengera kukiliniki, ndipo anamwino ananena zomwe zija: asachikhalire. Tsiku lotsatira ndinawapeza ali pampando, kapadi m'manja. Ndinapita palaputopu n'kuzimitsa VPN iwo akuona. Gemu linaima.

"Yatsani," anatero.

"Mukagone kaye, bambo. Chilonda chikukula."

"Ndikagone ndiziona chiyani? Malata?"

"Muziona ine ndi mwana wanu. Tikufuna mukhale ndi moyo."

"Inu mumatuluka m'mawa, mumaona anthu, mumakwera basi. Ine kotulukira kwanga ndi kumeneko. Mwatseka."

Tinagwirizana kuti azisewera atagona chammbali pamatiresi. Ndinatsitsa TV n'kuiika pampando waufupi. Anayesa, koma dzanja lam'munsi linkachita dzanzi ndipo ankagonja. Ndikakhala pakhomo ankagona. Ndikapita kuntchito ankadzikokera pa wilutcheya, n'kuyatsa okha laputopu, poti anali ataphunzira.

Nthawi imeneyo mlamu anapeza ntchito ina yomugwiritsa mpaka Lamlungu, mkazi wake n'kubereka. Mlamuyo anayamba kulowa m'gemu mwa apo ndi apo, kenaka anasiyiratu. Sanachite mwankhanza, moyo wake unangodzaza. Amuna anga ankayang'ana dzina lake pa TV litazimirira, akudikira kuti liwale. Atatopa anandipempha kuti ndiwaonetse kusintha seva. Ankasankha maiko akutali kuti apeze osewera nawo nthawi imene magetsi ayaka. Kuchedwa kuja kunabwerera. Anthu osawadziwa ankawagonjetsa, ena n'kuwatukwana m'zinenero zachilendo, koma iwo ankapitirizabe. Kuseka kunatha. Kunatsala kulira kwa mabatani basi.

Chilonda chinalowa mkati. Fungo lake linayamba kumveka pabalaza, ndipo mwana anasiya kukhala pambali pawo. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza thupi likutentha, akunjenjemera, akulankhula zosamveka. Tinawanyamula pa takisi kupita kuchipatala chachikulu. Madokotala anati matenda alowa m'magazi. Anayesetsa, ndinaona ndi maso anga. Amuna anga anatsitsimuka kamodzi, n'kufunsa ngati mwana wadya, kenaka n'kufunsa ngati magetsi alipo kunyumba. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe.

Mlamu anabwera kumaliro. Analira kwambiri, akunena kuti akanapanda kutumiza makina aja bwenzi mkulu wake ali moyo. Achibale ena anamva ndipo anayamba kunong'onezana zomwezo, ena akuloza ine kuti ndinkawayatsira. Sindinatsutsane ndi aliyense. Ndikudziwa mmene amuna anga analili makinawo asanabwere, ndipo sindingathe kunena kuti akanakhala nthawi yaitali bwanji atayang'ana chitseko. Sindingathenso kunena kuti makinawo alibe mlandu. Zonse ziwiri ndimakhala nazo.

Mlamu akubwerera ku Joni ndinamupatsa makinawo. Anakana, koma ndinawaika m'chikwama chake. Wilutcheya tinaipereka kumpingo, ndipo inapita kwa gogo wina wa ku Mtenguleni amene anadulidwa mwendo.

Patapita masabata angapo uthenga unabwera pafoni kuti VPN ikufuna kuwonjezeredwa mwezi wina. Ndinali muofesi, ndikutayipa mayeso. Ndinatsegula tsamba lake palaputopu kuti ndiimitse, ndipo linandifunsa chifukwa chimene ndikusiyira, ngati ndi kuchedwa kapena ndapeza ina yabwino. Ndinasankha yankho lakuti sindikuifunanso. Linandithokoza n'kunena kuti ndingabwerere nthawi iliyonse.

Ndinatseka laputopu n'kutuluka panja. Ana anali pa nthawi yopuma, akuthamangitsana m'fumbi, ndipo mwana wanga anali ataima yekha pansi pa mtengo wa mango. Ndinamuitana, tinagawana chinangwa chimene ndinatenga kunyumba, belu n'kulira, aliyense n'kubwerera kwake.